Mutu 6: Mazira a Eni Ake

1. Firiji yakufa

Tauni inali kukula ngati mwana wodya bwino. Msewu watsopano utafika, panabwera mabanki, masitolo ataliatali, ndi anthu a nsapato zosadziwa fumbi. Anthu amenewa anabwera ndi mawu okoma. Wailesi inkanena m'mawa ndi madzulo kuti achinyamata aleke kufunafuna ntchito, ayambe mabizinesi awo, thandizo lilipo.

Kuseri kwa msika, m'kanjira ka okonza zinthu, munali shopu ya mkulu wina wokonza mafiriji. Mkuluyu ankalera mwana wa mlongo wake, mtsikana amene anthu onse ankamutchula kuti Mawaya. Dzinali analipeza ali wamng'ono, chifukwa anzake akamasewera ndi zidole, iye ankatola tizidutswa ta mawaya pansi pa benchi ya amalume ake n'kumatilumikiza.

Atamaliza sekondale, ntchito inasowa. Tsiku lina anapempha amalume firiji yakufa imene mwini wake anaitaya kalekale. Anaichotsa injini, anaikamo mababu, kafani ka kompyuta yakale, ndi mbale ya madzi pansi. Pachitseko anaboola kawindo n'kuikapo galasi. Firiji imene inabadwira kuziziritsa inayamba kufungatira mazira ngati thadzi.

Ulendo woyamba mazira anasukusa onse. Wachiwiri anaswa ochepa.

Apa n'kuti m'tauni mutatsegulidwa nyumba yothandiza achinyamata oyamba mabizinesi. Inali ndi dzina lalitali pachikwangwani, koma anthu ankangoti ku Magalasi, poti makoma ake anali a magalasi okhaokha, ukamadutsa umadziona mmene wasaukira. Mawaya anakalembetsa, ndipo anamulandira.

Chilungamo chinenedwe, ku Magalasi kunali zinthu. Kunali magetsi osazima, makompyuta, mipando yozungulira, ndi aphunzitsi a kaikidwe ka mitengo ndi kalankhulidwe ndi makasitomala. Anamupatsa kachipangizo kozimitsa mababu kukatentha kwambiri n'kuwayatsanso kukayamba kuzizira. Anamupatsanso batire loti magetsi akathima mazira asazizidwe. Ulendo wotsatira anapiye anaswa pafupifupi onse, shopu ya amalume n'kudzaza phokoso.

Mbiri inayenda m'kanjira monse. Amayi anayamba kubweretsa mazira awo kuti Mawaya awafungatirire. Dzira lililonse ankalilemba chizindikiro cha mwini wake ndi pensulo, kuti pasadzakhale mkangano.

Womaliza kubwera anali mayi wamasiye wogulitsa madzi kumapeto kwa kanjirako, amene aliyense ankawatchula kuti Amayi a Pampopi. Iwo anali ndi thadzi limodzi lakuda la khosi lopanda nthenga, mtundu wa nkhuku zimene anachoka nazo kwa malemu mayi awo pokwatiwa. Thadzilo linagundidwa ndi njinga yamoto litangomaliza kuikira. Anabwera ndi mazira ake atawakulunga m'nsalu, akuyenda pang'onopang'ono ngati anyamula mwana wodwala.

"Mwana wanga," anatero, "nkhuku ndingagule ina pamsika. Koma mtundu wa amayi anga watsala m'nsalumu basi. Ukandiswera ngakhale kamsoti kamodzi, wandisungira mayi anga pakhomo."

Mawaya anajambula kadontho ka madzi pa dzira lililonse, n'kuwaika pa shelefu yapakati, pamene pamafunda bwino kuposa ponse.

2. Abwana amawa

Ku Magalasi wachinyamata aliyense anali ndi mlangizi wake. Wa Mawaya anali mnyamata wa tayi, wa mafoni awiri, wosatenthetsa mpando. Iye ankaitana wachinyamata aliyense kuti abwana amawa, ndipo ankalankhula mofulumira ngati basi ikumusiya.

Masana ena mlangiziyu anafika pashopu, akudumpha matope ndi nsonga za nsapato. Anapereka moni kwa amalume maso ali pa foni. Kenaka anauza Mawaya kuti mawa lake kukubwera alendo akuluakulu, a m'mabanki ndi a m'makampani. Alendowo adzasankha achinyamata ochepa oti apatsidwe chipinda chogwiriramo ntchito, cha magetsi osazima, zida zatsopano, ndi maphunziro a chaka chathunthu. Dzina la Mawaya linali pamwamba. Chofunika chinali chimodzi: makina apite ku Magalasi, alendo akawaone akugwira ntchito.

Mawaya anasangalala, koma chimwemwe chinatha atayang'ana pakawindo ka firiji. Mazira anali atalowa m'masiku otsiriza.

Anamufotokozera mlangizi mmene zimakhalira. Masiku amenewa dzira silitembenuzidwa, ndipo chitseko sichitsegulidwa. Mwanapiye amakhala atatembenuka kale m'kati, mlomo utaloza pamene adzaboole. Mphepo yozizira ikalowa, chinyezi chimathawa, kachikopa ka m'kati mwa chigoba kamauma n'kumumatirira ngati guluu. Amafera momwemo ali wathunthu.

Mlangizi ankagwedeza mutu, koma zala zinali pa foni. Anati galimoto ya ku Magalasi ndi yofewa, dalaivala adzayenda ngati wanyamula mkwatibwi. Batire lilipo. Chitseko palibe adzachikhudze.

"Ndipo akachedwa kuswa, abwana amawa, tikabwereka anapiye kwa aneba," anatero akuseka.

Mawaya sanaseke. Mlangizi anamugwira paphewa n'kunena kuti ndi nthabwala chabe, munthu wa bizinesi asamakhale ndi nkhope ya maliro. Anati galimoto ifika m'mawa, ndipo mwayi wotere ukadutsa subwerera kudzagogoda. Anatuluka akuyankha foni yachiwiri.

3. Mawu a amalume

Nthawi yonseyi amalume anali akuwotcherera kapaipi kuseri kwa firiji ya munthu. Mlangizi atapita, anazimitsa moto wawo, anavula magalasi owotcherera, n'kumukokera Mawaya chitini choti akhalepo.

"Khala pansi, mwana wa mlongo wanga. Ine shopu ino ndinailowa tsitsi lili bii, lero layera. Unandionapo nditanyamula firiji ya kasitomala kupita nayo pamsonkhano kuti anthu akaone mmene ndimakonzera? Chinthu cha mwini chikalowa pakhomo apa, chimatuluka ndi mwini wake. Lamulo la shopu ndi lomwelo, palibe lina. Makinawo ndi ako, ungawasenze pamutu mpaka kumene ukufuna. Koma zili m'katimo si zako.

"Sindikunena kuti kachipangizo anakupatsa kaja n'koipa. N'kabwino, ndinakayesa ndekha iwe utachoka. Koma anthu othandiza ndawaona ambiri. Anabwera a njinga, anabwera a zipewa zofanana, anabwera a magalimoto oyera. Onse amafika dzanja limodzi lili kutsogolo, lina kumbuyo. La kutsogolo limakupatsa. La kumbuyo lagwira kamera. Iwowo ali ndi mabwana awo kutali amene amadya zithunzi, ndipo chithunzi sichidikira kuti nthawi ikwane. Nthochi ikachedwa kupsa amaipaka utoto.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Iwe akutcha bwana, wakondwa. Mnyamata uja sanakuyang'ane m'maso pamene umanena za chitseko, ine ndimamuona. Munthu amene sanamve chimene waletsa sanalonjeze kanthu, ngakhale atagwedeza mutu mpaka khosi kupweteka.

"Alendo akadzapita, iye adzakwera galimoto. Iwe madzi udzatungabe pampopi pomwe paja, ndipo udzayang'anana ndi mayi uja tsiku lililonse limene Mulungu wakupatsa. Ukawauze alendowo abwere kuno adzaone. Kapena upite ndi makina opanda kanthu mazira akaswa. Ngati nsapato zawo zikuopa matope a m'kanjira muno, ndipo sangadikire mwanapiye, ndiye kuti si makina ako akufuna."

Mawaya anayankha mwaulemu, koma mawu ake anali ndi minga. Anati amalume amakayikira ngakhale mthunzi wawo. Anati zaka zonsezi akhala m'kanjira komweka, denga likudontha, magetsi akuthimathima, chifukwa chokana aliyense wowatambasulira dzanja. Iye sakufuna kukalambira pa chitini.

Amalume anavalanso magalasi n'kuyatsa moto wawo.

"Ndanena," anatero. "Makutu ndi ako."

4. Ku Magalasi

M'mawa mwake amalume anaitanidwa kukakonza firiji ya wogulitsa nyama. Atangokhota pakona, galimoto ya ku Magalasi inaima kumapeto kwa kanjira.

Mawaya anadzaza mbale ya madzi kudzera pa kapaipi kakunja. Analumikiza batire. Anazunguliza chitseko ndi tepi yakuda kangapo, n'kumatapo pepala lolembedwa zilembo zikuluzikulu kuti OSATSEGULA. Makinawo anawanyamula ndi anthu anayi. Podutsa pampopi, Amayi a Pampopi anali atawerama akutsuka ndowa. Mawaya anayang'ana kumbali ndipo sanapereke moni.

Njira yonse anakhala kumbuyo kwa galimoto atakumbatira firiji, akuiteteza pa bampu iliyonse. Anafika bwino. Makina anaikidwa kutsogolo m'holo yaikulu, pafupi ndi zinthu za anzake: wina wa sopo, wina wa njerwa za zinyalala, wina wa nyale za dzuwa. Mawaya anasuzumira pakawindo. Mababu ankayaka, mazira ali phee m'malo mwake. Ataika khutu pachitseko anamva kakulira kakang'ono kuchokera m'kati mwa chigoba. Anamwetulira yekha. Mumtima anati amalume analakwitsa.

Kenaka achinyamata onse anawakweza m'chipinda cham'mwamba. Anawaveka malaya ofanana olembedwa dzina la nyumbayo pachifuwa. Anawaphunzitsa poima, poika manja, ndi nthawi yomwetulira. Aliyense anapatsidwa mawu oti aloweze. A Mawaya ankayamba ndi kuti, kale ndinali wopanda chiyembekezo.

Mawaya anati iye chiyembekezo anali nacho, chimene analibe ndi kachipangizo. Anamuuza kuti mawuwo analembedwa ndi anthu odziwa, iye angoloweza.

Dzuwa linakwera. Alendo anachedwa, monga amachitira anthu amene amadikiridwa. Mawaya anapempha kuti atsike akaone makina ake. Anamuuza kuti holo yatsekedwa, akuikongoletsa. Patapita nthawi anapemphanso. Mlangizi analowa thukuta lili pamphumi, n'kunena kuti wangochokera komweko, zonse zili bwino kuposa mmene Mawaya anazisiyira. Anamupatsa botolo la madzi ozizira kuti mtima ukhale pansi.

Anawatsitsa dzuwa litapendeka.

5. Nsalu ichotsedwa

Holo inali itadzaza. Mipando inavekedwa nsalu zoyera, alendo atakhala kutsogolo miyendo itapingasa. Chinthu cha wachinyamata aliyense chinali chitafunditsidwa nsalu, kuti chidzavundukulidwe nthawi yake ikafika.

Wa sopo analankhula, anamuombera m'manja. Wa njerwa anaiwala mawu, anamuombera m'manja. Kenaka anaitana Mawaya.

Anaima pamene anamuuza, chinkuzamawu chili m'manja. Asanatsegule pakamwa, mlangizi anadumphira kutsogolo. Anauza alendo kuti zimene aone tsopano si maloto ayi, ndi zipatso za thandizo lawo. Anagwira nsalu n'kuikoka.

Chimene Mawaya anayamba kuona ndi tepi. Inali itadulidwa ndi lumo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pepala lija panalibe.

Mlangizi anatsegula chitseko chonse, mpaka chinagunda khoma.

M'firijimo munalibe dzira ngakhale limodzi. Mashelefu anali atachotsedwa. Pansi anathirapo utuchi, ndipo pa utuchipo panali anapiye oyera ngati thonje, ouma, ofanana msinkhu, akupondana n'kumalira. Panalibe chigoba. Panalibe wonyowa. Ena anali atayamba kale kumera nthenga m'mapiko.

Holo yonse inaimirira. Amayi ena anafuula mokondwa. Mawaya anangoti kukamwa yasa, ndipo nthawi yomweyo kamera inang'anima pamaso pake.

Mlangizi anamuyandikira akumwetulira kwa alendo, n'kumunong'oneza ndi m'mbali mwa kamwa.

"Mwetulirani, abwana amawa. Mazira anu ali bwinobwino kuseri, tiwabwezeramo alendo akapita. Dzira ndi dzira. Anthu awa sangaombere m'manja chinthu chimene amadya m'mawa uliwonse."

Phokoso litatsika, mayi wina wa ku banki, wa magalasi a m'maso, anakweza dzanja. Nkhope yake inali yachifundo.

"Mwana wanga, anapiye onsewa aswa m'makina akowa?"

Kuti Mawaya apeze chipinda cha magetsi osazima chija, panangofunika liwu limodzi lokha lakuti inde. Mlangizi ankagwedeza mutu kumbali kwake, kumuonetsa liwulo. Mawaya anakweza chinkuzamawu.

"Ayi, mayi," anatero. "Awa si anga. Sindikudziwa kumene achokera."

Munthu wina kumbuyo anaseka, akuyesa ndi sewero. Mawaya anatembenukira kwa mlangizi, chinkuzamawu chikadali pakamwa, ndipo funso lake linamveka mpaka panja.

"Mazira a eni ake mwawaika kuti?"

M'holo munkangomveka anapiye. Mlangizi anayesa kuseka. Anauza alendo kuti mtsikanayu ndi wamanyazi, mantha amulankhulitsa zina. Anatambasula dzanja kuti alande chinkuzamawu. Mawaya anachigwiritsa ndi manja awiri n'kufunsanso funso lomwelo, liwu ndi liwu.

Mlangizi anayang'ana nsapato zake.

"M'chipinda cha makompyuta," anatero chapansipansi.

6. Katoni

Chipinda cha makompyuta Mawaya ankachidziwa. Chinali chozizira kuposa zipinda zonse za ku Magalasi, chifukwa makompyuta safuna kutentha. Achinyamata akamalowamo ankavala majuzi ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo.

Anathamanga. Anakankha chitseko, mphepo yozizira n'kumumenya kumaso.

Katoni inali pansi, kuseri kwa chitseko, pansi penipeni pa makina oziziritsa amene ankaiuzira mphepo. Mazira anali ataunjikidwa ngati a pagolosale, ena pamwamba pa anzawo, zizindikiro zitasakanikirana. Angapo anali atang'aluka. Anali m'menemo kuyambira m'mawa.

Mawaya anagwada. Anatola dzira limodzi la kadontho ka madzi n'kuliika patsaya. Linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anatola lina. Ili linali ndi kabowo, ndipo pakabowopo panatulukira nsonga ya kamlomo. Anakakhudza ndi chala. Sikanagwedezeke.

Sanalire. Misozi imabwera munthu akamvetsa chimene chachitika, ndipo iye anali asanamvetse. Anapinda malaya anamuveka aja ngati thumba, anaikamo mazira a kadontho kuti akhudze mimba yake, n'kunyamula katoni ndi dzanja linalo.

Atabwerera m'holo, alendo anali akunong'onezana. Mawaya sanayang'ane munthu. Anagwada pa firiji, anatulutsa mazira m'katoni n'kuwayala pa nsalu inafunditsa firiji ija. Anatola anapiye oyerawo mmodzimmodzi, n'kuwaika m'katoni. Iwo analibe mlandu. Katoniyo anakaiika pa nsapato za mlangizi.

Wa sopo, osauzidwa, anakapeza mashelefu kuseri kwa nsalu yotchinga n'kubwera nawo. Awiriwo anabwezeramo mazira, holo yonse ikuonerera. Mawaya anatseka chitseko.

Pobwerera galimoto yofewa ija inasowa. Dalaivala anati wauzidwa kuti adikire alendo. Mawaya anaitana wa ngolo yokankha, ndipo anayenda pambali pake njira yonse, dzanja lili pa firiji, atavalabe malaya a dzina la eni ake.

Amalume anali atakhala pakhomo la shopu. Anaona ngolo. Anaona tepi yodulidwa. Anaona nkhope ya mwana wa mlongo wawo. Sananene kuti ndinakuuza. Anadzuka, anathandiza kutsitsa makina, anatereka madzi, n'kuviika kansalu m'madzi ofunda kuti chinyezi chibwerere msanga.

Atamaliza anangoti, "Tsopano tidikire. Izi zokha n'zimene sitingagule."

Anadikira. Tsiku loswa linafika n'kudutsa. Mazira ochepa a amayi ena, amene anagwera pakati pa mulu m'katoni muja, anaswa anapiye ofooka. Pa shelefu yapakati sipanamveke kanthu. Mawaya ankaika khutu pachitseko mpaka khutu kufiira. Madzi ankatuma ana kukatunga, iye pampopi osapitako.

7. Dengu

Madzulo ena, dzuwa lisanalowe, pakhomo panamveka odi.

Anali Amayi a Pampopi. Anavala nsalu yochapa bwino, ndipo m'manja anali ndi dengu latsopano. M'kati anayalamo nsalu ija anabweretsera mazira, ndipo pakona anaikapo kachitini ka madzi. Nkhope yawo inali kuwala.

Anati akhala akudikira kuti Mawaya awaitane, koma mtima walephera. Mtsikana wina wodzatunga madzi wawaonetsa chithunzi pa foni, ndipo kanjira konse kachiona. Anatulutsa foni imene anabwereka n'kumuonetsa.

Pachithunzipo panali Mawaya, atavala malaya a ku Magalasi, kukamwa kuli yasa ngati munthu amene chimwemwe chamupitirira. Pambali pake firiji yotsegula, yodzaza anapiye oyera. Pansi pake panali mawu akuti, thandizo lathu likubala zipatso.

Mawaya anayang'anitsitsa chithunzicho. Anagwira benchi. Funso lake, yankho lake, katoni ija, zonse panalibe. Panatsala kukamwa kokha.

"Ndaona oyera okhaokha," anatero mayiwo akuseka, "ndiye ndati amenewo ndi a anzanga. Anga akudawo abisala kumbuyo. Mtundu wa amayi anga ndi wamanyazi, sukonda kujambulidwa."

Amalume anaika pansi sipanala. Anayang'ana Mawaya, ndipo sanamuthandize.

Mawaya anagwada pansi pa simenti. Anafotokoza zonse, kuyambira tsiku limene mlangizi anadumpha matope. Sanabise kuti amalume anamuletsa. Sanabise kuti anadutsa pampopi osapereka moni chifukwa ankadziwa chimene wanyamula. Anati amene anadula tepi ndi wina, koma amene anatulutsa mazira pakhomo ndi iye.

Kuseka kunachoka pankhope ya mayiwo pang'onopang'ono, ngati madzi akuphwera m'ndowa yobooka. Anaika dengu pansi. Anapempha kuti awaone.

Mawaya anatsegula chitseko n'kutulutsa shelefu yapakati. Mayiwo anatola dzira limodzi, anayang'ana kadontho kaja, n'kuliika kukhutu. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenaka analipereka kwa amalume n'kuwapempha kuti aliswe.

Amalume analigogoda pang'ono m'mphepete mwa benchi n'kusenda chigoba ndi chikhadabo. M'katimo munali mwanapiye wathunthu, wakuda, maso otseka, miyendo itapindika pamimba. Kachikopa kouma kanamumatirira thupi lonse. Khosi lake linalibe nthenga.

Amayi a Pampopi anakhala pansi mwadzidzidzi pa chitini chija.

"Khosi la amayi anga," anatero. "Anafika mpaka pakhomo."

Kunja wina ankakhoma chitsulo. M'bokosi la pakona anapiye ofooka aja ankalira.

Patapita nthawi mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Anakoka dengu lawo. Anataya madzi a m'kachitini panja. Kenaka anayamba kutola mazira a kadontho, limodzilimodzi, n'kumawayala bwinobwino pa nsalu ija. Pamwamba anaikapo mwanapiye wakufayo, nkhope itayang'ana kumwamba.

"Iwe ndi ine tidzakamba, mwana wanga, ndipo sizidzakoma," anatero. "Koma wandiuza ndi pakamwa pako, wagwada. Amene anadula tepi sanagwade. Chithunzi chake chikuyendabe, ndipo mawa amayi ena akubwera kuno ndi mazira awo chifukwa cha chithunzicho. Mnyamata wa tayiyo amafika nthawi yanji kuntchito?"

Mawaya anati amafika m'mawa, mabwana ake asanafike.

"Ndiye tidzadikira mabwanawo. Anthu amenewo amakonda kujambula. Adzajambule izi." Anafunditsa dengu n'kulinyamula. "Mawa mpopi sutsegulidwa. Unditsogolere."

Atatuluka, Mawaya anatsala chogwada. Amalume anadzuka mwakachetechete n'kupita kuseri kwa chitseko. Pamsomali panali jekete lawo lakuda, limene ankavala pa maliro ndi pa milandu pokha. Analitsitsa, anatuluka nalo panja, n'kuyamba kulikutumula fumbi.